Chilimwe cha Mabelu Awiri

Mphale ikagona m'madzi masiku atatu imakhala ndi fungo lake, lowawasa pang'ono, longa la thobwa lomwe layamba kusasa. Mpaka lero ndikavundukula ndowa n'kumva fungo limeneli, ndimapezeka ndili kuseri kwa nyumba yathu kwa Kuntaja, pansi pa mtengo wa mango, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pamenepo ndi pamene pankakhala mtondo wa amayi. Unali wong'aluka pakamwa mbali imodzi, ndipo dothi lozungulira linali louma gwa ngati simenti chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku. Nkhuku sizinkachokapo. Ndege ikamatsikira ku bwalo la Chileka inkadutsa pafupi moti mthunzi wake unkakwawa padenga pathu, koma ife tinazolowera. Oyang'ana kumwamba anali alendo okha.

Ababa anali okhoma zidebe. Ankapanga ndowa, mbaula ndi zitini zothirira kudimba, ndipo malo awo anali pa Lirangwe, m'mbali mwa msika, pomwe ankakhala pachitsa ndi nyundo yawo ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo. Kuchokera kwathu kukafika kumeneko ndi mtunda ndithu, ndiye ankanyamuka Lolemba m'mamawa n'kubwerako Lachisanu kapena Loweruka. Kwathu kuja iwo anali mkamwini. Mudzi unali wa kwawo kwa amayi, munda wa amayi, ngakhale mtengo wa mango uja anadzala ndi agogo awo a amayi atangofika kuchokera ku Mozambiki. Chawochawo cha ababa inali njinga ndi bokosi la zitsulo basi.

Njingayo inali ndi mabelu awiri. Lina linali lakale, ladzimbiri, losasa mawu, likamalira linkangoti khoro-khoro ngati nkhuku ya chitopa. Linalo anagula chaka china n'kulimanga mbali inayo osachotsa lakale lija. Linali lonyezimira moti nkhope inkaonekamo, yotambalala ngati ya chule. Ababa akamakhotera kanjira ka kwathu ankaliza lakalelo, ine n'kusiya chilichonse n'kuthamanga kukawachingamira. Latsopanolo sindinamvepo akuliliza pakhomo. Tsiku lina ndinalikhudza ndekha, linalira kamodzi kokha, ngili-ngili, mawu oyera ngati madzi a pamjigo. Ababa anandichotsa dzanja, osati mwaukali, n'kunena kuti, "Usalithe mawu limenelo." Ndinakhulupirira kuti belu limatha mawu ngati mabatire a wayilesi.

Amayi sankakangana ndi munthu. Ukawalakwira ankangokuyang'ana, n'kupitiriza zomwe akuchita. Koma kwathu mayi akagwira munsi amaloledwa kunena chilichonse, bola achinene moimba. Za pamtondo zimathera pamtondo. Mwamuna akamadutsa amakhala ngati sakumva, apongozi chimodzimodzi, ndipo palibe amene angakuitanire ankhoswe chifukwa cha nyimbo yokonolera chimanga. Amayi nyimbo zawo ankapeka okha. Inalipo ya mbuzi za eni zomwe zinkatidyera nandolo, inalipo ya msana wawo. Koma imene ankaibwereza kawirikawiri, makamaka Loweruka m'mawa ababa ali pakhonde, inali iyi:

Njinga ya bambo ili ndi mabelu awiri,
lina la kuno, lina la kutsidya.
La kuno likalira, lalira motopa,
la kutsidya ngili-ngili.

Munsi unkagwa pa "kuno" ndi pa "kutsidya", gaga n'kumauluka, ndipo amayi sankakweza mawu. Ababa ankatsokomola n'kuyamba kupukuta masipoko a njinga omwe anali oyera kale. Sabata yotsatirayo ankabwera Lachinayi, atanyamula sopo wonunkhira kapena utaka wokulunga m'pepala, n'kukhala mpaka Lolemba akukonza denga kapena mpanda. Kenako zinkabwereranso mwakale, nyimbo n'kubwereranso. Ine zonsezi sindinkaziwerenga. Ndinkangodziwa kuti njinga yathu ili ndi nyimbo yake, ndipo njinga za anzanga zilibe.

Amayi anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, wamng'ono kwa iwo, amalume a Fesitoni. Poti wamwamuna wina panalibe, iwo ndiwo anali nkhoswe ya banja la amayi, ngakhale ndevu zinali zisanadzaze chibwano. Anayamba ndi gitala ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki, n'kupita m'kwaya ya kutchalitchi, kenako ku Ndirande komwe ankaimba m'maukwati ndi m'mabala. Nyimbo yawo imodzi inamvekapo pa wayilesi kawiri kapena katatu, n'kuzimirira. Kumudzi ankangowatchula kuti "woimba uja", ndipo ponena choncho pakamwa pankapindika pang'ono.

Chaka chimenecho anabwera titangomaliza kukolola, kukuzizira. Ababa anali ku Lirangwe ndi njinga yawo, amayi anali kumaliro mudzi wina. Amalume anakhala pakhonde padzuwa ndi gitala yeniyeni, ya m'sitolo, akungoikanda osaimba kanthu. Anati mutu wawauma. "Iwe mbumba yanga," anandiitana, "tandiimbira za kuno." Ndinaimba za kusukulu, anayasamula. Ndinaimba za Sande sukulu, anati zimenezo amazidziwa kuposa ine. Ndiye ndinaimba ya njinga, ndikumenya chidendene pansi m'malo mwa munsi. Anasiya kukanda gitala. Anandiuza ndibwereze, ndinabwereza katatu, kachitatuko atayika kawayilesi kojambulira mawu pafupi ndi kamwa langa.

"Waipeka ndani?"

"Ndi ya pamtondo," ndinayankha.

Sindinaname. Koma kwa munthu amene wakhalitsa m'tauni, ya pamtondo ndiye kuti ya makolo, yopanda mwini ngati bowa wa m'tchire. Belu latsopano lija anali asanalionepo. Anandilola kukoka waya umodzi wa gitala, anandigulira mandasi awiri pagolosale, madzulo n'kukwera minibasi. Amayi sindinawauze. Sikuti ndinkabisa ayi, ndinangoiwala, monga mwana amaiwalira zomwe wadya dzulo.

Chilimwe chinalowa ndi ukali. Udzu unapsa, akamvulumvulu ankazungulira m'minda yopanda kanthu akunyamula makoko a chimanga, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Mango anali akadali aang'ono, owawasa, timadya ndi mchere mobisa. Loweruka lina masana amayi ankapeta mphale, wayilesi ili pawindo. Ndinamva belu, ngili-ngili, loyera bwino. Ndinathamanga mpaka kukanjira ndikuti lero ababa aliza latsopano. Kunalibe munthu, fumbi lokha. Pobwerera ndinamva magitala, ng'oma, malipenga, kenako mawu a amalume akuimba mawu a amayi, onse, osasintha ngakhale limodzi. Kungoti anaifulumizitsa, inasanduka yovina.

Amayi anaima lichero lili m'manja. Kenako analiyika pansi pang'onopang'ono, nkhuku n'kulowamo, iwo osazithamangitsa. Nyimbo itatha woulutsa mawu anati imeneyo ndi nyimbo ya makolo athu, yomwe mnyamata wa ku Chileka waipukuta fumbi, ndipo poti anthu aipempha kwambiri aibwerezanso. Amayi anapita pawindo, anatseka wayilesi, n'kuchotsamo mabatire. Koma nyimbo sinaleke. Inkamveka kuchokera kwa amake Joyisi, oyandikana nafe, ndipo chapatali inkamvekanso pagolosale. Amayi anaima pakati pa bwalo mabatire ali m'manja, akutembenuka uku ndi uku ngati munthu wofuna poyambira kuzima moto wolusa.

Sanandifunse. Chilimwe chonse chinatha osandifunsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mkwapulo.

Pasanathe masabata awiri nyimboyo inali paliponse. Inali m'minibasi, m'mashopu ometera, pachigayo, pa ukwati uliwonse wa chilimwe chimenecho, anthu akuvina n'kumaliza ndi chala m'mwamba ngati akuliza belu. Chithunzi cha amalume atavala chipewa chinamatidwa pamitengo ya magetsi. Omwe ankati "woimba uja" anayamba kunena kuti "mwana wathu", ena mpaka kukumbukira kuti anamubereka kumsana. Anyamata a kabaza anagula mabelu achiwiri, ukawakwera n'kumakufunsa kuti alize la kuno kapena la kutsidya. Kwa anthu a ku Limbe ndi ku Lilongwe inali nyimbo yoseketsa basi. Koma kuyambira ku Chileka mpaka pa Lirangwe njinga ya mabelu awiri inali imodzi yokha isanatuluke nyimboyo, ndipo mwini wake aliyense ankamudziwa.

Ine ndinadziwira pamjigo. Mtsikana wina wa Sitandade 7 anandifunsa ngati la kutsidya likulirabe, anzake n'kuseka. Ndinamuuza monyada kuti ababa salola kuliliza kuopa lingathe mawu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako mtsikanayo anandikokera pambali, ndipo ndikuganiza kuti anandimvera chisoni, chifukwa ananena motsitsa mawu. Anati kutsidya si dzina la malo. Ndi mayi wina wogulitsa tiyi kuseri kwa msika wa Lirangwe, ndipo belu lonyezimiralo amalizira iyeyo. Ndinasenza ndowa yanga isanadzaze. Njira yonse madzi ankandikhavukira kumaso, ndipo zinandithandiza, chifukwa amene ndinakumana nawo sanazindikire kanthu.

Lachisanu limenelo ababa sanabwere. Lotsatira lakenso sanabwere. Amayi ankakonolabe chimanga, poti anthu amadya ngakhale zitavuta, koma tsopano kunkangomveka munsi wokha, di, di, di, popanda mawu pamwamba pake. Amake Joyisi ankabwera kudzathandiza, nawonso osaimba. Ine ndinayesa zomwe mwana angayese. Ndinapemphera kuti mabatire onse a m'dziko athe tsiku limodzi. Ndinang'amba pepala pakati pa kope la masamu n'kulemba kuti, "Amalume chotsani nyimbo ija amayi sakudya," ndipo kunja kwake ndinalemba kuti "Kwa a Fesitoni, ku wayilesi." Ndinayenda mpaka kumsewu n'kupatsa kondakitala wa minibasi yopita m'tauni. Anawerenga kunjako, anaseka, analowetsa m'thumba la malaya, n'kumenya denga la minibasi kuti inyamuke. Ikuchoka ndinamumva akuimba ngili-ngili atatulutsa mutu pawindo.

Sabata yachitatu amayi anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi n'kundiuza kuti ndisambe, tikupita ku Lirangwe. Tinayenda pansi mpaka kumsewu n'kukwera minibasi ziwiri. M'yachiwiriyo munali mothithikana, mukununkha thukuta, petulo ndi nsomba zouma, ine ndili pamiyendo ya amayi ngakhale ndinali wamkulu kale. Titangodutsa pa Lunzu dalaivala anaiyika nyimbo ija. Minibasi yonse inadzuka. Bambo wina kumbuyo ankaliza belu ndi pakamwa, ena akuwomba m'manja. Mayi wonenepa amene anakhala pafupi nafe, dengu la tomato lili pamiyendo, anagunda amayi ndi chigongono.

"Imeneyi ndiye nyimbo, mayi! Amene anaipeka amawadziwa amuna. Makolo athu analitu ndi nzeru, eti?"

"Eya," anatero amayi.

Ndinamva mtima wawo ukugunda pamsana panga. Manja awo anali atandizungulira pamimba, ndipo anandifinya mpaka ndinalephera kupuma bwino, koma sindinadandaule.

Ababa tinawapeza pamalo pawo, akukhoma tsinde la ndowa. Anationa tili patali, koma sanaleke kukhoma. Anali ataonda m'masaya. Njinga inali yotsamira pakhoma kumbuyo kwawo, ndipo maso anga anathamangira pachiwongolero. Mabelu onse awiri anali atachotsa. Panangotsala timizere tiwiri toyera pomwe anamangidwa, kena uku kena uku. Tisanapereke n'komwe moni, mnyamata wogulitsa nyama tsidya lina la msewu anakuwa kuti, "A Mabelu! Alendo a kuno afika!" Anthu a m'mabenchi anaseka, wina n'kuimba mluzu. Amayi anagwada pafumbi pomwepo monga ankachitira kunyumba n'kupereka moni. Ababa anayika nyundo pansi.

"Mwandivula pamsika, amake Esinati," ananena motsitsa. "Zaka zonsezi ndinkamva, ndinkakhala chete, poti zinali za pakhomo. Tsopano ndi ana omwe akundiimba. Tikakambirana pa ankhoswe."

Kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Esinati, wadya?" Ndinagwedeza mutu kuti eya, ngakhale ndinali ndisanadye. Ndinafuna kunena kuti ndine, ababa, ndinaimbira amalume ndine. Koma pashopu ya pafupi anayatsa masipika, ndipo sindikudziwa ngati anachita dala. Tinabwerera osamwa ngakhale madzi. Kuyambira tsiku limenelo madzulo aliwonse ndinkatcherabe khutu kukanjira, ndikudziwa bwinobwino kuti njingayo ilibenso choliza.

Ankhoswe anakumana Lamulungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi. Kunkatentha kopanda mphepo, mitambo yakuda itaunjikana cha ku mapiri. Anayala mphasa pansi pa mango, mtondo ataugoneka n'kuukunkhunizira kumpanda. Ababa anabwera ndi akulu awo, omwe tinkawatchula kuti bambo aakulu, munthu wa imvi wolankhula pang'onopang'ono. Amalume anali atatumiziridwa uthenga, koma sanafike msanga. Ana saloledwa pa nkhani zotere, ndiye ine ndinali m'khitchini, ndikusuzumira pampata wa pakati pa njerwa, utsi wakale ukundiyabwa m'mphuno. Anadikira mpaka mthunzi wa mango unasuntha, anasunthanso mphasa. Potsiriza bambo aakulu anati ayambe, nkhoswe inayo ipeza nkhani ili m'njira.

"Za pamtondo sitiweruza, tonse tikudziwa," anatero. "Koma wayilesi si mtondo. Tsono ine ndamva ndi makutu angawa wayilesi yomweyo ikunena kuti nyimboyi ndi ya makolo. Ngati ndi ya makolo, ndiye kuti mng'ono wangayu sanatukwanidwe ndi munthu. Njinga za mabelu awiri zinalipo ndi kale lomwe. Tikatero tinyamuka pano, aliyense akauze anzake kuti zinangofanana. Mlamu, si choncho?"

Ngakhale ine ndinamva zomwe ankachita. Aliyense pamphasapo ankadziwa mwini nyimbo, koma mkuluyo anali atalambula kanjira koti onse adutsepo osachita manyazi. Chinkafunika ndi liwu limodzi lokha, lomwe lija amayi anapatsa mayi wa tomato m'minibasi. Ababa ankajambula pansi ndi kamtengo, koma kamtengoko kanaima. Ankadikira. Ine ndinaluma chala n'kumanena chamumtima kuti nenani eya, amayi, nenani eya. Amayi anali atawerama, akusalaza chitenje pamaondo.

Asanayankhe, kunamveka phokoso kuchokera kumsewu. Inali galimoto yaing'ono yofiira, ikubwera pang'onopang'ono m'mabampu, ndipo kumbuyo kwake kunali ana a mudzi wonse, ena a midzi ina, akuthamanga m'fumbi, akumenya zitini, akuimba ndi mawu onse kuti la kutsidya ngili-ngili. Galimoto inaima pakanjira pathu, anawo n'kuzungulira mpanda. Amalume anatuluka akuwakupiza ndi chipewa kuti akhale chete, koma ana ankayesa akuwavinitsa, ndiye anakweza. Amalume anavula magalasi akuda, nkhope ili thukuta lokhalokha. Sanapite pampando womwe anawasungira. Ananjuta patsogolo pa ababa n'kuwomba m'manja.

"Alamu, pepani. Ndalakwa ndine. Ine sindinadziwe, Mulungu akuona. Ndinkayesa ndi ya makolo. Ndinangoimva kwa..."

Anatembenuza mutu, maso awo akufunafuna pakhonde, kuseri kwa nkhokwe, mpaka pakhitchini. Ndinaimirira kuti ndituluke. Koma sindinatuluke, ndinabwereranso pampata paja.

"Fesitoni, khala chete," anatero amayi. Sanakweze mawu, koma anamveka. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo aakulu. "Si ya makolo, alamu. Ndi yanga. Ndinaipeka ndine, mawu onse, ndipo mulibe bodza m'menemo."

 Kunja kwa mpanda ana ankaimbabe. Bambo aakulu anapukusa mutu n'kutola ndodo yawo. Ababa anataya kamtengo kaja, anaimirira, anasasa fumbi pathalauza, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi jekete lawo la kutchalitchi ndi bulangete limodzi, anamanga kumbuyo kwa njinga ndi mphira, mosamala monga ankamangira ndowa. Sanakwere. Anaikankha kudutsa pakati pa ana aja, ndipo anawo ataona nkhope yawo anasiya kuimba mmodzimmodzi, n'kupatuka.

Apo ndiye ndinatuluka m'khitchini muja. Ndinawathamangira mpaka kupitirira mjigo ndikuitana. Anaima, osatembenuka kwenikweni. Ndinagwira keriyala ya njinga ndi manja onse, ndikulira moti mawu sankatuluka bwino, ndipo ndinanena, ndinanenadi kuti ndine. Kaya anamva kaya sanamve. Anachotsa zala zanga chimodzichimodzi n'kunena kuti, "Bwerera, mwanawe, kukubwera mvula." Mvula sinagwe tsiku limenelo. Inagwa patatha sabata, ndipo tinadzala awiri, amayi akukumba mapando, ine ndikuponya mbewu pambuyo pawo.

Amalume anatsala pakhomo mpaka dzuwa kupendeka, atakhala pansi penipeni, akulira ngati mwana. Anati apita kuwayilesi akawauze aleke, anati sadzaiimbanso, anati gitala aiphwanya. Amayi anawapatsa madzi m'kapu. "Ukaitola bwanji? Madzi akatayika saoleka," anatero. "Pita ukaimbe. Ntchito yako ndi imeneyo."

Anapitadi kukaimba, ndipo nyimbo imeneyo ndiyo inawatsegulira zitseko. Zotsatira zake ankapeka okha, zabwino ndithu, zina mpaka kutchalitchi amaziimba. Anafika ku Joni ndi maiko ena omwe ine ndimangowamva, pa kanema amaoneka, ana a masiku ano amawatcha mdala. Kulikonse kumene apita anthu salola kuti atsike asanaimbe ya mabelu, ndipo amaimba, kupatula ku Chileka kokha. Anapempha kangapo kuti alembe dzina la amayi pachikuto cha chimbale, amayi anakana. Ababa sanabwererenso. Ali ndi ana atatu kutsidya kuja, ndipo ndikadutsa pa Lirangwe ndimawapatsa moni, iwo n'kufunsa za adzukulu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6. Sindinganene kuti chifukwa chake ndi nyimbo, zifukwa zinali zambiri.

Zaka zonse zimenezo ndinkakhulupirira chinthu chimodzi: kuti amayi anadula mawu a amalume pofuna kubisa dzina langa, ndipo banja lawo analitaya chifukwa cha ine. Ndinkawatumikira ngati munthu wolipira mlandu, osadandaula, osayankha. Nkhaniyo tinadzaikamba ndili ndi mwana wanga woyamba, ali ndi masabata awiri. Amayi ankamusambitsa m'beseni pakhonde, akundionetsa kagwiridwe ka khosi. Ndinangoyamba, osakonzekera. Ndinawauza za mandasi, za kalata ya kondakitala, zonse. Ndinati akanangovomera kuti ndi ya makolo, kapena akanalola amalume anditchule, poti mwana salakwa mlandu wothetsa banja.

Anapitiriza kuthira madzi pamsana pa khandalo ndi chikhatho.

"Kuti unaimba ndiwe ndinadziwa tsiku lomwelo, unali wina ndani?" anatero. "Kukubisa ndinakubisadi. Koma usadzitamande, sunali wekha. Zaka zitatu ndinkalankhula ndi abambo ako ndi nyimbo imene ija. Pena ndinalibe ponenera. Ndikanati ndi ya makolo, ndiye kuti zaka zitatu zonsezo sindinanenepo kanthu."

Ndili mwana ndinkaona kuti panali liwu limodzi lopepuka lomwe likanabweza ababa, ndipo sindinkamvetsa kuti munthu angalephere bwanji kulinyamula. Lero ndili pabanja, ndipo eya wotere ndamunenapo kangapo kuti pakhomo pakhale bata. Ndikudziwa kulemera kwake, ndikudziwanso kuti sabweza munthu, amangomuchedwetsa. Ngati amayi analondola kapena analakwa, sindinganene.  Tsiku lija amayi anatulutsa mwana m'madzi, mwanayo akulira, anamukulunga m'nsalu, n'kundipatsa kuti ndimuyamwitse asanazizidwe.